Kathabwa ka Pakhomo la Magalasi

Kathabwa kameneka ndikadali nako. Ndi kakang'ono ngati bokosi la machesi, kobowola pakona, ndipo nambala imene anailemba ndi penti wofiira inafufutika kalekale. Ndinakamangirira ku makiyi a njinga yamoto imene ndimapangira kabaza. Anzanga pa siteji ku Matawale amati ndi chithumwa, ine ndimangowasiya. Kanachokera m'sitolo yaikulu ija ya m'tauni mwa Zomba imene tonse tinkaitcha kwa Magalasi, chifukwa khoma lake lakutsogolo linali galasi lokhalokha. Dzina lake lenileni sindilemba, lingandidetsere pepala.

Masiku ano anthu ayamba kuilira sitoloyo. Wina akangoponya chithunzi chake chakale pa foni, ndemanga zimachita kusefukira. Ati fungo la buledi, ati zidole za Khirisimasi, ati ku Limbe inali pakona paja, ku Lilongwe inali apa, ku Mzuzu inali apo, ati Malawi wokoma anathera pomwepo. Asa! Malawi wake uti? Inu munkalowera kutsogolo mutagwira dzanja la adadi anu. Funsani ife amene tinkadziwa khomo lakuseri, kumene kunkanunkha kabichi wowola ndi mkodzo wa madalaivala a malole.

Chinali chilimwe, ine ndili sitandade folo. Jakaranda anali atathothola maluwa m'misewu yonse, ukaponda ankaphulika kumapazi. Tinkakhala ku Zakazaka, ine ndi amayi, ndipo amayi ankagulitsa masitiroberi. Sankalima okha. Ankakwera phiri m'mamawa kukapikula kwa alimi a pamwamba paja, n'kutsika nalo dengu pamutu. Loweruka ankanditenga. Kumwambako kunkazizira ngati si Zomba yomweyi, nkhungu ili tolo m'mitengo ya paini, utomoni ukununkhira, ndipo potsika tinkapatukira kumbali kuti abambo a njinga za nkhuni adutse, akukuwa kuti mabuleki palibe. Dzuwa likakwera madzi a masitiroberi ankadontha m'dengu n'kutsikira amayi m'khosi, ofiira ngati avulala.

Katunduyo tinkakasiya kuseri kwa Magalasi. Azimayi ankakhala pansi pafupi ndi migolo ya zinyalala kudikira kapitawo atuluke ndi sikelo. Iye ankasankha ndi chala chimodzi, osawerama n'komwe. Zophwanyika ankatibwezera, zimenezo ndiye zinali zanga. Kutsogolo sindinapondeko, ngakhale kuti munthu woima pakhomo lakutsogololo anali amalume anga.

Amalume anali mlonda. Anali ndi yunifolomu ya buluu, chipewa, ndi chibonga chimene sindinaone atamenyera munthu. Ntchito yawo inali iyi: ukafika ndi chikwama kapena dengu, iwo ankalandira, n'kuika pa shelefu, n'kukupatsa kathabwa ka nambala. Potuluka ankayang'ana m'jumbo mwako ndi pa lisiti ngati zikugwirizana, ukabweza kathabwa n'kutenga katundu wako. Anali achimwene awo a amayi, bere limodzi. Chichokereni abambo ku Joni, kumene anangoti zii, amalume ndiwo ankatifolerera nyumba, ndiwo ankandigulira makope, ndiwo ankabwera ndikadwala malungo.

Koma sitoloyo inali ndi lamulo lake loti wachibale wa wantchito asamagulitse katundu pamenepo, ati angamaberane. Zikadziwika, onse awiri ankachotsedwa, wa kutsogolo ndi wa kuseri yemwe. Choncho amayi anandiphunzitsa mawu amodzi, ankawabwereza nthawi zonse tikamawoloka msewu: “Pamalo pano amalume ako si amalume ako. Wamva?” Ndinkavomera. Ndinkaona ngati masewera.

Ndiyeno aphunzitsi anandisankha kuti ndidzanene ndakatulo tsiku lotsekera sukulu. Mutu ndinali nawo, musaone kuti ndinalekezera sitandade seveni. Anandiuza pamaso pa kalasi yonse kuti, “Koma udzabwere ndi nsapato ndi masokosi oyera, osati ming'alu yakoyo.” Nsapato amayi anazipeza pa kaunjika mumsika, zazikulu pang'ono, tinaikamo nyuzipepala. Masokosi anakana. Anati mwana wawo sadzaima pamaso pa anthu ndi masokosi amene anavalapo mwana wa eni. “Masokosi tikagula kwa Magalasi,” anatero. “Khomo lakutsogolo.”

Sabata yonseyo sindinagone bwino. Loweruka lake tinakwera phiri, tinatsika, tinasiya katundu kuseri monga mwa nthawi zonse. Kenako amayi ananditengera pa mpopi wa kumsika, anandisambitsa miyendo ndi mwala mpaka kuwawa, anandipaka mafuta kumaso. Iwo anatulutsa m'dengu chitenje chawo cha kutchalitchi, cha maluwa achikasu, n'kumanga pamwamba pa siketi yogwirira ntchito. Tinazungulira nyumbayo ngati alendo ochokera kutali.

Amalume atationa sanaphethire. Analandira dengu lopanda kanthulo ndi manja awiri, analiika pa shelefu pakati pa zikwama za zikopa, ndipo kathabwa anapatsa ine. “Musataye, bwana,” anatero. Ndinafuna kuseka, amayi ananditsina paphewa.

M'katimo munkazizira ngati pamwamba pa phiri. Pansi pankawala moti ndinkaona nsapato zanga kawiri. Fungo la buledi limene mukuliliralo linalipodi, sindikana, losakanikirana ndi la sopo ndi la nsalu zatsopano. Panali njinga ya ana yofiira itapachikidwa kudenga, mapoto ong'anima, mawayilesi, ndi ana anzanga atakwera m'tingolo ta mawaya amayi awo akuwakankha. Ndinayenda pang'onopang'ono, kathabwa ndili gwa m'manja. Ndiye pafupi ndi mafiliji ndinawaona: masitiroberi athu omwe aja, atawandanda m'timbale toyera, atawakuta ndi pulasitiki, atawamata kapepala ka mtengo ngati abwera pa ndege. Ndinakuwa sitolo yonse kumva, “Amayi, masitiroberi athu!”

Anthu anacheuka. Anacheukanso manijala, amene anali ataima pafupi ndi malo olipirira. Musaganize kuti anali mzungu kapena mmwenye. Anali munthu wakuda ngati ife, wa taye, Chichewa chake cha konkuno. Anawayang'ana amayi kuyambira ku duku mpaka ku silipasi, n'kuwazindikira. “Mayi, mwasochera? Khomo lanu si lakuseri?”

Amayi anayankha kuti abwera kudzagula. Sanakweze mawu. Anasankha masokosi, anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, m'chiuno, pamene azimayi amasunga ndalama, analipira, anamanganso. Mtsikana wolandira ndalama anawapatsa lisiti ndi nsonga za zala. Ine ndinanyamula jumbo ya dzina la sitolo, mtima uli m'mwamba, ndikuganiza zoti Lolemba ndikaikamo makope.

Tinali titafika pakhomo, amalume atayang'ana kale m'jumbo, pamene manijala analankhula kumbuyo kwathu. “Gadi, aseche amenewo. Chatupa m'chiunocho n'chiyani? Anthu akuseri amawadziwa makona onse a sitolo ino.”

Inu amene munakulira m'mipanda mwina simudziwa, ndiye ndikuuzeni. Kwathu mwamuna sagwira m'chiuno mwa mlongo wake. Salowa kuchipinda kwake, sakhala pamphasa imene wagonapo, ngakhale chitenje chake chikagwa pa chingwe amaitana mwana kuti atole. Imeneyo si nkhani yochita kuphunzitsa, aliyense amangokula akuidziwa. Ndipo apa munthu wa taye ankauza amalume kuti apisitse manja m'chiuno mwa amayi, masana, pakhomo la galasi, anthu a mumsewu akuonerera. Akanati ndi mlongo wanga, ntchito yawo ikanathera pomwepo, dengu la amayi nalonso. Akanangokana osapereka chifukwa, chimodzimodzi.

Ndinawayang'ana amalume. Ndinkadikira kuti avule chipewacho, achiponye pansi, agwire chibonga. Ndinkadziwa kuti atero, chifukwa kwa ine panalibe mwamuna woposa iwo mu Zomba. Koma anangoima, thukuta likutsika m'mbali mwa khutu. Manijala anati, “Wagontha?” Amalume anasuntha phazi, kenako linalo, manja atatambasula pang'ono.

“Imani pomwepo, a gadi,” anatero amayi. “Ndimasula ndekha.”

Anamasula chitenje chonse, osati mfundo yokha. Anachigwira m'makona n'kuchikutumula kawiri ngati akuyanika. Pansi panagwa ndalama zachitsulo, korona, ndi kachidutswa ka chinangwa chootcha kamene anandisungira. Ndalama imodzi inagubuduzika mpaka kukalowa pansi pa shelefu. Amayi anatsala ataima ndi siketi yogwirira ntchito, imene chitenje cha kutchalitchi chinabwera kudzabisa: yong'ambika pantchafu, ya zigamba za mitundu iwiri, yothimbirira ndi madzi a masitiroberi. Anyamata ena a ku koleji anaseka. Mayi wina wa chikwama chachikopa anakokera mwana wake kumbali. Manijala anayang'ana pansipo, sanaone chake, n'kungoti, “Chabwino, dzipitani,” ngati watichitira chifundo. Pepani sanamutchule. Mpaka sitoloyo kutsekedwa, sanamutchule.

Ine sindinathamangire manijala. Ndinathamangira amalume. Dzanja lawo linali likadali m'malere, ndinaliluma pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndi mano onse, mpaka ndinamva mchere m'kamwa. Sanandimenye. Sanakuwe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatchule chimene anali, koma chikhato cha amayi chinafika msanga n'kunditseka. Ndipo amalume, magazi akudontha pa simenti yowala ija, ananena ndi mawu a ntchito, “Mayi, chotsani mwana wanuyu pakhomo.”

Mwana wanuyu. Kuluma kwanga kunachepa poyerekeza ndi mawu amenewo.

Tinayenda wapansi mpaka ku Zakazaka. Dengu tinaliiwala pa shelefu, kathabwa kanatsala m'manja mwanga, katadinda chikhato. Titafika ndinatenga masokosi aja, akadali m'pepala lake, n'kukawaponya m'chimbudzi. Amayi anandikwapula ndi kamtengo ka pichesi, ndipo aka kanali koyamba tsiku limenelo kuwaona akulira. Tsiku lotsekera sukulu ndakatulo ananena mwana wina.

Lolemba m'mamawa amayi anakweranso phiri, natsikira kuseri kwa Magalasi, nakhala pansi pafupi ndi migolo ija. Anapitiriza chaka chimenecho ndi zaka zina. Zimenezi ndiye zimandiwotcha mpaka lero. Sitoloyo inadya misana ya azimayi a m'phiri, inadya miyendo ya amalume amene anaima pakhomo paja mpaka mitsempha kutupa, ndipo tsiku lina anthu anangopeza loko ndi mapepala atamatidwa pagalasi. Eni ake sitinawaonepo nkhope. Amalume anabwerera kumudzi ku Mbedza ndi chipewa chokha. Lero nyumbayo anaidula zipindazipinda: uku tchalitchi cha zokuzira mawu, uku obetcha mpira, pakati mnyamata wogulitsa makava a foni. Ndikatsitsa kasitomala pamenepo ndimaona pamene panali shelefu, misomali yake ikadalipo. Wina akakwera njinga yanga n'kuyamba zoti apa panali sitolo yabwino, ndimamuuza kuti atsike akwere ina. Ena amati ndine wamisala. Zawo zimenezo.

Koma Loweruka lomwe lija, dzuwa litapendeka, amalume anabwera. Ndinawaona akukankha njinga yakapalasa m'kanjira ka pakati pa nyumba, dengu lathu atalimangirira kumbuyo, dzanja atalikulunga ndi mpango. Ndinathawira kuseri kwa bafa n'kumasuzumira pa mpata wa udzu, kathabwa kali m'dzanja limodzi, mwala uli m'dzanja lina. Ndinkayembekeza kuti amayi awathira madzi otsukira mbale, kapena awauza kuti pakhomo pano asadzapondenso.

Amalume anaima patali, pamalire a bwalo, chipewa chili m'manja. Sanakweze maso. Amayi anatuluka, anawayang'ana kanthawi, n'kubwerera m'nyumba. Anatulukanso ndi mpando, ndi beseni la madzi ofunda, ndi mchere. Anagwada, anamasula mpango uja, n'kuyamba kutsuka pamene ndinaluma. Amalume anati, “Achemwali,” mawu n'kuthera pomwepo.

“Khalani chete, achimwene,” anatero amayi. “Mukanakana, tikanadya chiyani? Mukanandigwira, tikanaonana bwanji?”

Kenako anawonjezera kuti mwanayu mano ake ndi a kwa bambo ake, ndipo onse awiri anaseka, kuseka kwa anthu ochokera kumanda.

Amalume anafunsa za kathabwa, ati pa shelefu pakusowa nambala imodzi. Amayi anandiitana katatu. Sindinatuluke. Ndinakhala kuseri kwa bafa kuja ndikukafinya, ndikulumbira kuti munthu wamantha ameneyo sindidzamutchanso amalume. Mawu a amayi ndinawamva onse, koma ndinkangoti chitenje chija anamasula chifukwa choopa munthu wa taye. Ndinkayang'ana beseni likufiira, osamvetsa kuti wovulidwa pagulu ndi amayi, nanga bwanji akutsukidwa bala ndi amalume.