Tsiku Limene Ababa Anasinja Mbewu ya Amayi

Kwathu ku Chulu, mvula ikamayandikira, m'mudzi munkatsala ana, nkhalamba ndi mbuzi. Zinali zaka zija za makuponi. Mbiri ikangomveka kuti lole ya feteleza yafika kudepoti, aliyense amene dzina lake linatuluka ankanyamula chitenje ndi kamba n'kupita kukaima pamzere. Amwayi ankabwerako tsiku lomwelo, ena ankathako masiku atatu. Chaka chimene ndikukumbukirachi ndinali mu sitandade 5, ndipo kuponi ya pakhomo pathu inali m'dzina la amayi, choncho panalibe zotuma munthu.

Amayi anachoka mtima uli m'mwamba. Mng'ono wanga Tamanda, wa zaka zitatu, anali atangochira kumene malungo. Mankhwala anamaliza, thupi linazizira, koma pakamwa panatsekeka. Phala ankalavula, thobwa ankalikankha. Mwana amene kale ankalimbirana nafe mango anangokhala pamkeka, khosi lili lende, nkhope yonse maso okhaokha. A zaumoyo atamuona ananena mosabisa kuti akapitiriza kukana chakudya mpaka mapazi kuyamba kutupa, tidzapite naye ku boma akagonekedwe, azikamupatsa chiponde cha kuchipatala. Ku boma kunali kutali, ndipo tonse tinkadziwa ana a m'mudzimo amene anapita ulendo umenewo osabwerako.

Tinatsala ndi ababa. Anali munthu wosachuluka mawu, mkamwini wodziwa malire ake pamudzi pa akazi awo. Asanakwatire anakhala zaka zingapo pa esiteti ya fodya akudziphikira okha, ndipo kumeneko anatengako luso limene ife ana tinkawakondera kwambiri, lopanga zokhwasulakhwasula. Pochokera kunazale ankathyola mango aawisi, kuwadula timizere, n'kupera mchere ndi tsabola wa kambuzi pamwala. Tinkasunsa, kutsinzina, kupuma mofuula, n'kusunsanso. Nthawi yosankha fodya, zala zikamawawa ndi utomoni wa masamba, ankatisongolera timitengo tobayira mbatata yootcha kuti tisaigwire ndi manja. Amayi ankati zimenezo n'zophera ana njala ya chakudya chenicheni, komabe dzanja lawo silinkasowa m'mbalemo.

Tsiku loyamba ababa anayesa zonse zimene ankadziwa. Anaotcha nthochi, anaphika dzira, anathira shuga wambiri mu tiyi mpaka ine ndinachita nsanje. Tamanda anangotembenukira kukhoma.

M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinawapeza ataima pakati pa nyumba akuyang'ana kudenga. Kumeneko kunkalendewera kathumba ka mtedza wa mbewu. Wodya unali utatha kalekale. Umenewu amayi anali atauswa ndi kuusankha okha, njere imodziimodzi, n'kumanga kukamwa kwa thumba ndi mfundo yawoyawo. Kwathu mbewu sadya, ngakhale njala ilume bwanji, ndipo munda wa mtedza ndi wa mkazi. Mkamwini kukhudza thumba limenelo inali nkhani yoti ingafike kwa ankhoswe.

"Esinati, gwira mpandowu," anatero ababa.

"Ababa, imeneyotu ndi mbewu ya amayi."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Gwira mpando."

Anatapa mbale imodzi yodzaza. Anakazinga mtedzawo m'phale pamoto wochepa, akutakasa modekha, mpaka fungo linadzaza bwalo lonse. Anaufikisa m'manja, n'kuupeta palichero mosazolowera moti theka la makoko linabwerera kumaso kwawo. Itakwana nthawi yosinja ndinatenga musi, poti imeneyo inali ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ababa anandilanda.

"Ayi. Amako akadzafunsa kuti wasinja ndani, dzina likhale limodzi."

Pa nthawiyo sindinamvetse bwino. Ndinangoona kuti akundilanda ntchito yokoma, ya wonyambita musi.

Pofuna kubisala, ananyamula mtondo n'kupita nawo m'chigafa, chimene chinali chopanda fodya nyengo imeneyo. Anaiwala kuti chigafa chilibe zipupa, komanso kuti mtondo susunga chinsinsi. Musi usanagunde kakhumi, amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, anatulukira kuseri kwa nkhokwe manja ali m'chiuno.

"Alamu! Ndikubwerekeni chitenje?"

Anaseka mpaka kugwira mzati. Koma atasuzumira mumtondo chiseko chinathera panjira.

"Mtedza umenewu mwaupeza kuti, mwezi uno?"

Kenako anadzigwira pakamwa.

"Mayo ine! Mwadya mbewu ya mng'ono wanga?"

"Mwana sakudya, alamu," anatero ababa, osasiya kusinja.

Amayi aakulu anachoka akuomba m'manja, ndipo ndinadziwa kuti dzuwa lisanapendeke mudzi wonse ukhala utamva.

Ababa anasinja kupitirira pamene ife akazi timalekera tikamafuna nsinjiro za ndiwo. Thukuta linkayenderera m'khosi mwawo. Pang'onopang'ono kulira kwa mtondo kunasintha, kunayamba kumveka mofewa, mafuta anatuluka, mtedza unayamba kukakamira kumusi. Anathiramo kamchere, kashuga, ndi timadzi tofunda kuti chiponde chifewe. Kenako anafukula chinangwa chimene anakwirira m'phulusa, anachipala, n'kuchidula tizidutswa tonga zala za mwana.

Ndinkayembekeza kuti amunyamula Tamanda n'kuyamba kumunyengerera. Sanatero. Anakhala kumapeto kwa mkeka atamufulatira, anandikhazika pambali pawo, mbale pakati pathu.

"Usamuyang'ane," anandinong'oneza. Kenako mokweza anati, "Ichi n'cha akuluakulu. Ana sadya."

Tinayamba kusunsa. Ababa, munthu amene ankadya mwaulemu ngati ali kwa apongozi, tsiku limenelo ankatafuna mwaphokoso, kunyambita zala, kupukusa mutu. Kwa ine panalibe zoyerekeza. Chinangwa chinali chotentha, chofumbutuka, chonunkhira utsi, ndipo chiponde chinkamata m'kamwa mwanga mokoma moti ndinatsala pang'ono kuiwala chimene tinakhalira pamenepo.

Panapita nthawi. Kenako ndinamva mkeka ukukhwekhwereza kumbuyo kwathu. Kadzanja kowonda kanadutsa pansi pa mkono wa ababa, chala chinalowa m'mbale n'kubwerera. Sitinacheuke. Kanabweranso, nthawi ino kanatola kachidutswa ka chinangwa. Tamanda ananyambita chiponde chokha n'kusunsanso kachidutswa komweko, kachiwiri, kachitatu. Kachinayi analuma.

Ndinaba diso n'kuyang'ana ababa. Misozi inali kutsika, iwo akutafunabe. Ataona kuti ndawaona anati kambuzi wawalowa m'maso. M'chiponde chimenecho munalibe kambuzi.

Amayi anafika tsiku lachitatu masana, fumbi mpaka m'nsidze, matumba awiri ali panjinga ya hayala. Amayi aakulu anali atawachingamira kumsewu, ndipo nkhope inkaonetsa kuti nkhani yonse aimva kale, mwinanso ndi zowonjezera. Sanapereke moni. Analowa m'nyumba, anakwera pampando, anatsitsa kathumba kaja n'kukayesa kulemera kwake m'manja. Anatuluka nako pakhonde.

"AMwale, chaka chino tidzala chiyani? Chiponde?"

Ababa anavula chipewa. "Ndalakwa, Nabanda. Ndinatapa mbale imodzi. Esinati sanagwireko."

Amayi anatsegula pakamwa kuti apitirize, koma nthawi yomweyo Tamanda anatulukira kuseri kwa nyumba. Ankayenda yekha, modzandira, masaya ali mbuu ndi chiponde, kachinangwa kali m'manja. Sanathamangire amayi ake amene anawasowa masiku atatu. Anapita kwa ababa, nakoka buluku lawo.

"Baba, china."

Amayi anakhala pansi pomwepo, thumba lili pamiyendo, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Atapukuta misozi anamasula mfundo ija, anandituma mbale, n'kuthiramo mtedza mpaka kudzaza.

"Iwe, wapenga?" anatero amayi aakulu.

"Mbewu ndikapempha kwa anthu, akulu. Mwana ndikamupempha kwa ndani?"

Ndipo anapereka mbaleyo kwa ababa. "Sinjani inuyo. Changa akhoza kukana."

Ababa anasinja pabwalo poyera tsiku limenelo, amayi ali pambali kuwauza kuti musi akuugwira ngati khasu. Chaka chimenecho munda wa mtedza unaperewera mizere ingapo, amayi anadzalamo nyemba, ndipo nkhani sinafike kwa ankhoswe.

Lero ndimakhala m'tauni. Chiponde ndimagula cha m'botolo, ana anga amasunsa buledi ndi mabisiketi akuonera wailesi ya kanema, ndipo bambo awo akalowa kukhitchini palibe amene amawabwereka chitenje. Ndikawauza kuti agogo awo anasekedwa ndi mudzi wonse chifukwa chogwira musi, amaganiza kuti ndikuwonjezera. Tamanda ndi mayi wa mapasa tsopano, wathupi lake, woti ukamuitana pa chakudya uyambe wabisa mbale yako. Ine ndakumana ndi anthu ambiri ophunzira ndi olimba mtima, koma sindinaonebe wondigometsa ngati mkamwini wofatsa uja, amene anaima pampando akudziwa bwino chimene chikumudikira.

Kuyambira chaka chimenecho, amayi akamamanga mbewu ankayamba atapa mbale imodzi n'kuika padera. "Iyi ndi ya mbava ya m'nyumba muno," ankatero, ababa ali pomwepo akumwetulira. Ababa anatisiya zaka zingapo zapitazo. Nditapita kumudzi mvula isanagwe chaka chathachi, ndinapeza amayi ali pakhonde, maso atayamba kale kuchita khungu, akusankha mtedza ndi zala. Atamaliza anapapasa mbale, anaidzaza, anaikankhira pambali. Ine sindinafunse kuti ndi ya ndani.