Polishi pa Magalasi a Aphunzitsi

Ndikanunkhiza polishi wa nsapato ndimayamba kuseka ndekha, chifukwa zonsezi ndinaziyambitsa ndine.

Chaka chimenecho anamzeze ochokera ku Ulaya anachedwa kufika. Aphunzitsi athu a sayansi ankatitenga Loweruka lililonse kupita kudambo la ku Msongwe kukawadikira, koma kumwamba kunali mbee. Nditatopa, ndinapaka polishi wakuda m'mphepete mwa magalasi awo oonera patali, pamene amagunditsa maso.

Asanawakweze n'komwe, m'tchire munatuluka anyamata a chipani, malaya ofiira, ndodo m'manja.

"Asambizgi, mukuzonda nyumba ya atcheyamani?" wamkulu wawo anafunsa aphunzitsi.

"Yayi, bwana, ndi mbalame chabe."

"Zili kuti mbalamezo?"

Panalibe ngakhale imodzi. Tonse tinkadziwa kuti munthu akatengedwa pa mlandu wotere sabwerako msanga.

Mkuluyo analanda magalasi, n'kuwakanikiza kumaso, n'kuyang'ana uku ndi uku. Atawatsitsa, anali ngati kadzidzi. Anzake analuma milomo, koma mmodzi chinamupulumuka chikhakhali. Mkuluyo anadzigwira kumaso, chala chinabwerako chili bii.

"Mwanyoza chipani! Tiyeni kuofesi!"

Atawagwira aphunzitsi pakolala, ndinakweza mkono. "Ndapaka ndine, bwana. Ndimafuna iwowa."

Anawasiya, n'kundidumphitsa ngati chule, manja m'makutu, mpaka kumsewu, ndodo ikundipeza m'matako.

"Ukusekanso, iwe?"

"Yayi, bwana, ndi chifuwa. Yewo chomene."

Ndinkadumphabe, ndikumuba ndi diso kadzidzi uja.