Kamita Pansi pa Chibwano cha Tadala

Usiku watha ndinalota ndikujambula ukwati wa Tadala. Inde, Tadala yemweyo amene anandisiya chaka chatha n'kutenga ndi mbaula yomwe. Mkwati sanali ine.

Tinali panja, pakapinga, dzuwa lili paliwombo. Linatentha mpaka ankhoswe awiri anasungunuka n'kutsala nsapato zokha. Sindikuwonjezera, nsapatozo ndinazilumpha ndekha. Ine ndinabisala kuseri kwa mtengo wa mango ndi kamera yanga ya lenzi yaitali yokokera zakutali, kuti ndizijambula osayandikira. Ndiye ndikadina, diresi likutuluka loyera bwinobwino, mano a mkwati akutuluka onse mpaka a m'mbuyo, koma pankhope pa Tadala mdima wokhawokha. Kamera imatero. Ikaona zoyera zambiri imatsinzina, munthu wakuda bwino ngati iye n'kusowa.

Kenako mtengo uja unati watopa ndi dzuwa, n'kunyamuka kukafuna mthunzi. Ndinatsala poyera.

"Iwe Yohane," Tadala anaitana, "kamita kaja uli nako?"

Kamitako ndi kachipangizo koyezera kuwala. Vuto lake n'lakuti sikayeza uli patali. Uyenera kupita kwa munthuyo, n'kukagwira pansi penipeni pa chibwano chake.

Ndiye ndinauyamba ulendo. Kapinga anatalika mpaka ndinakwera minibasi, kondakitala ali m'busa amene amadalitsa ukwatiwo. Nditatsika, Tadala ali pompo, akununkhira mafuta omwe aja amene amadzola tili limodzi. Ndinakweza kamita. Dzanja linanjenjemera mpaka velo inayamba kuuluka. Mulungu ndi mboni.

"Usanjenjemere, uwononga chithunzi," anatero, n'kundigwira padzanja kuti likhazikike.

Kamita kanaonetsa nambala yomwe ija ya tsiku limene ndinamujambula koyamba kuseri kwa tchalitchi, akuseka kuti chipangizo changa chikumugirigisha. Kuwala kwake sikunasinthe ngakhale pang'ono. Ndinafuna kumuuza, koma pakamwa panga panadzaza mpunga wa paukwati.

Kenako mkwati anatsokomola. "Achimwene, mwatha? Nafenso tiyezeniko."

Pomwepo ndinadzidzimuka, nditagwira rimoti pansi pa chibwano cha pilo. Mukuti pilo alibe chibwano? Wanga anali nacho.

Tsono anzanga, musanaseke, imvani izi. Dzulo masana Tadala anandiimbiradi foni. Ukwati ulipo Loweruka likubwerali, ndipo zithunzi akufuna zapanja. Akuti palibe wina amene amatulutsa nkhope yake ngati ine. Pakamwa panga panavomera ine ndisanafunsidwe.

Anyamata a masiku ano amati kamita n'kosafunika, kamera imayeza yokha. Ndikakasiya, ndidzaima patali mtima uli m'malo, iye n'kusowa pazithunzi za ukwati wake womwe. Ndikakatenga, mwamva kale pamene kamagwiridwa.

Inu odziwa kumasulira maloto, tandiuzeni, malotowa akuti chiyani? Nditenge kapena ndisiye? Muyankhe msanga, chifukwa batire latsopano ndaikamo kale.