Ndinalowa ndi khutu la usikauti pagulu la osiya mowa

Inu owerenga, ine ndinapha gulu lomwe linkandichiritsa, ndipo ndinalipha ndi pakamwa pangapa.

Ndinali sikauti wolondera nyama kuno ku Lupande, koma kachasu anali atandidya mpaka manja ankanjenjemera ndikagwira mfuti. Bwana wathu anandiuza mosapsatira kuti ndisankhe botolo kapena yunifomu. Ndiye ndinalowa gulu la ofuna kusiya mowa lomwe mayi Zulu, namwino wa pachipatala chathu, ankalisonkhanitsa Lachitatu lililonse pansi pa mtengo wa msikidzi. Lamulo linali lakuti zolankhulidwa pamenepo zizithera pomwepo.

Anthuwo sanandilandire. Kuno sikauti ndi mdani. Njovu zikadya chimanga, otukwanidwa ndife. Woipitsitsa anali a Sakala, mdala wamwano wa ku Msoro. Ndikangofika ankakuwa kuti, "Mwaswera bwanji, abusa a njovu? Ziweto zanu zakhuta?" Onse ankafa nacho chiseko. Ndinkadana nawo a Sakalawa, ndipo sindinama, mpaka lero sindiwakonda.

Komabe gulu linkagwira ntchito. Kumva chidakwa chinzako chikufotokoza manyazi ofanana ndi ako kumapepuza mtima. Dzinja lonse linatha osalawa n'dontho lomwe, mkazi wanga n'kuyambanso kundiyankhula ngati munthu.

Tsiku lina a Sakala anaulula akulira kuti ludzu la kachasu ndilo linkawatcheretsa mawaya m'mbali mwa mtsinje, nyama ya nswala n'kumasinthanitsa ndi mowa. Anati mawaya ena akadali komweko, ndipo akufuna akawachotse kuti ayambe moyo wina. Anzathu anawalimbitsa mtima. Ine ndinangosunga dzina la malowo, mumtima ndikuti mdala iwe, lero wandilowera m'manja.

Ndinakauza bwana. Tinawabisalira, n'kuwagwira mawaya ali m'manja. Ndinkadziwa bwino kuti akuchotsa, osati kutchera, koma kukhoti ndinatseka pakamwa. Anawatumiza kundende ku Chipata.

Lachitatu lotsatira ndinapita kugulu mopanda manyazi. Palibe anakhala pansi. Wina analavula malovu pafupi ndi nsapato zanga, wina n'kunditcha Yudasi. Mayi Zulu, omwe sindinawaonepo atakwiya, anandikalipira n'kunena kuti, "Bambo, uja mwamangitsayu ndi wodwala mnzanu. Pano mumabwera kudzachira kapena kudzatchera anthu?" Ndinawayankha mwamwano kuti lamulo ndi lamulo.

Anandithamangitsa, koma gulu silinadzukenso. Ndani akanatsegulanso pakamwa pake? Anthu anabwerera kwa ophika kachasu mmodzimmodzi. Inenso thonje lisanathyoledwe ndinali nditayambiranso kumwa, ntchito n'kutha, mkazi n'kubwerera kwawo. A Sakala anatuluka kundende akumwa kuposa kale. Tikakumana panjira amandiyang'ana ngati njoka yopondedwa mchira, ine n'kuyang'ana kumbali.

Inu amene muli m'magulu otere, ndapota nanu, chidani chanu ndi udindo wanu muzizisiya kunyumba. Mnzanu akaulula zamumtima, wakupatsani khosi lake. Musalidule chifukwa anakunyozanipo. Ine lero ndili ndi zambiri zondiwawa zoti ndiulule, ndipo ndikufunitsitsa kusiya mowawu. Koma m'dera lonse lino mulibe ngakhale chidakwa chimodzi chomwe chingalole kukhala nane pansi.