Katumbu azisoka maukonde

Lero Loweruka ndimafuna kumulanda foni Shakira, mwana wanga. Wakomedwa ndi gemu ya nyama zomanga nyumba ndi kulima, ndiye ndikuopa kuti sukulu imukanika. Ndisanatambasule dzanja wandifunsa: "Ababa, akati awonjezere nyama ina, ikhale iti?"

Achimwene, ndakumbukira inu. Matipate atangoyamba, tinkaumba mudzi wa nyama zadothi kumunda wa mpunga ku Kanyenda, m'malo mopirikitsa mbalame. Nyama iliyonse munkaipatsa ntchito. Munati katumbu azisoka maukonde, poti amawang'amba ndi iyeyo. Bambo atatipeza anaupondaponda mudziwo, ndipo simunaumbenso mpaka munatisiya.

Ndamuyankha kuti katumbu. Foni ndamusiyira, bola ayambe walemba homuweki.