Khoti Landibweretsera Ankhoswe a Mwamuna Wanga Kuti Andimasulire

Inu a kukhoti la mabanja la dera lathu lino, mundiyankhe. Adiresi yanga munaiwerengeranji mokweza pamaso pa ankhoswe a munthu amene anandigulula dzino?

Ndili ndi chikalata cha khoti choletsa bambo wa ana anga kundiyandikira. Ndinasamuka ndi ana awiri, ndipo komwe tikukhala sankadziwako. Mwezi watha iye anakapempha kuti chiletsocho chithe. Akuti wasintha, akuti anamupempherera. Khoti linandiitana Lachiwiri 10 koloko kuti ndikanene mbali yanga. Poti kuno n'kudziko la eni, ndinapempha womasulira. Chingerezi ndimachitha, ndimasamalira nacho okalamba tsiku ndi tsiku, koma zowawa zimatuluka bwino m'Chichewa.

9:15 ndafika, shifiti ya kuntchito ndaitaya. 9:40 womasulira watulukira, suti, tayi, chikwama m'khwapa. Kuyang'anitsitsa, mtima unangoti phwii. Mkulu wa mpingo wathu wakale ku Tottenham! Amene anaimira mwamuna wanga ngati ankhoswe pa ukwati wathu, poti amalume ake enieni anawakaniza viza. Omwewo amene ndinawaonetsa diso lotupa, iwo n'kundiuza kuti ndizichepetsa pakamwa.

Anadzakhala pambali panga. "Mayi, ine ndabwera pa ntchito chabe. Koma tikalowa musakakokomeze, mwamva? Mnzanu uja walapa. Oda yomuletsayi ikutichititsa manyazi ku tchalitchi."

Ndinanyamuka ulendo wa pawindo la alembi a khoti. Mayi wa pawindopo, maso ali pakompyuta, anafunsa ngati bamboyo ndi m'bale wanga. Ndati ayi. Wa mwamuna wanga? Ndati wamagazi ayi, koma ndi ankhoswe ake, amene amamuimira pa milandu ya m'banja. Akuti pafomu palibe malo olembapo zimenezo. Akuti womasulira Chichewa amene anapezeka ndi yekhayu, ndipo analumbira kuti sadzakondera. Kulumbira? Mwamuna wanga uja sanalumbire pa guwa?

Kenako akuti atsimikize kaye kuti ndine mwini nkhani. Anawerenga nambala ya nyumba, msewu, mpaka positikodi, ndi mawu oti wa kukhomo amve. Ankhoswe ali kumbuyo kwanga, mapazi awiri okha. Fomu yobisa adiresi ndinadzaza ndi dzanja langali. Ndinkadzaziranji? Kuti muzipukutira tebulo?

Nditakalipa, akuti nditsitse mawu, ndikusokoneza anthu.

M'kati ndinalankhula ndekha, Chingerezi changa chomwechi. Woweruza yekha ndiye anamva. Ankhoswe anawatulutsa, mlandu anausuntha masabata atatu, chiletso chikadalipo. Woweruzayo ndinamuuzanso za pawindo, akuti ndilembe madandaulo. Ndinalemba tsiku lomwelo. Yankho lake linali la makina, loti ndidikire.

Lamlungu 4 koloko masana, gogogo pakhomo. Kusuzumira, akazi a ankhoswe, Baibulo m'manja. "Tsegula mwana wathu, tangodutsa kudzakuona. Bambo a ana ali ndi uthenga."

Kuchokera ku Tottenham mpaka kuno ku Woolwich, mtunda wonsewu, kungodutsa?

Sindinatsegule. Ndinaimbira apolisi, ndipo mayiwo anamva ndikuwatchula dzina.

Tsono a khoti, womasulira mumamufunsa ngati akuwadziwa anthu a mlanduwo, kapena mumangomva kuti Chichewa basi mwatola? Simudziwa kuti Amalawi kuno timadziwana mpaka mayina a agogo? Nanga mayi wa pawindo uja akuwerengabe maadiresi a anthu?

Azimayi anzanga, funsani dzina la womasulira tsiku lisanafike. Mukamudziwa, kanani. Pawindo musalole akutchulireni komwe mumakhala, auzeni alembe papepala.

Anzanga akuti ndisamukenso. Ayi. Ndasamuka kawiri, ana asintha sukulu kawiri, zakwana. Tsiku la mlandu ndikakhalako mpando wakutsogolo, ndipo chiletso chija ndikapempha kuti chitalikitsidwe, alembepo ndi anthu amene iye amawatuma. Khomo langa munaliulula ndinu. Tsopano mulilondere.