Chigamba cha pa Takisi ya a Msaiwale

A Lazaro Msaiwale ndinawadziwa chifukwa cha mwana wanga Tasha. Tasha sayenda, anabadwa choncho, ndipo sabata iliyonse amafunika kuchipatala ku Fremantle kuti akamuwongole miyendo. Njinga yake ya olumala silowa m'galimoto wamba. Imafuna takisi yaikulu, yokhala ndi chikepe kumbuyo, ndipo matakisi otero kuno ku Perth ndi ochepa. Ukaitanitsa umatha kudikira mpaka nthawi ya dokotala kudutsa. Mayi wina wa kumpingo kwathu ndi amene anandipatsa nambala yawo, amvekere, "Imbira bambo awa, ndi akwathu."

Anabwera bambo wamfupi, wa imvi m'mbalimu, atavala jekete pa dzuwa la Januwale. Anatsitsa chikepe, n'kukweza njinga, n'kugwada pansi kumanga malamba onse mosathamanga. Atamaliza anamuyang'ana Tasha.

"Abwana, lero tikulowera kuti?"

Tasha Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi cha kuno, chija chotafuna mawu. Anawauza kuti akupita kukamenyana ndi adokotala. Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo ine ndinkawatchula kuti malume, iwo ankanditchula amake Tasha, ndipo Lachinayi lililonse takisi inkaima pakhomo ine ndisanamalize kumuveka mwana nsapato.

Kumudzi ankayendetsa minibasi ya pakati pa Lilongwe ndi Mchinji. Kuno anatsatira akazi awo, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Anayamba ndi kutsuka magalimoto, kenako kuyendetsa matakisi a eni, mpaka atakula kale ndi pamene anagula yawoyawo. Ankainyadira. M'kabokosi ka kutsogolo munkakhala pulayala, waya ndi timphira todula ku chubu, ngakhale galimotoyo inali isanawavutepo. Nkhani imene ankaikonda inali ya tsiku lina pa Namitete, pamene chitsulo cha pansi pa minibasi chinathyoka anthu ali odzaza. Mnyamata wowotcherera mafelemu a mawindo anachilumikiza pomwepo, anthu akudya chimanga chootcha, ndipo onse anakagona ku Mchinji tsiku lomwelo.

"Galimoto siifa, amake Tasha," ankatero. "Timaitaya tokha chifukwa cha ulesi."

Tsiku lina anandiimbira m'mawa, mawu ali pansi. Kampani ya kunja imene inkapanga matakisi a mtundu wawo inali italengeza kuti onse aimitsidwe. Chitsulo chogwira chiwongolero chinkang'ambika pamalo pamene chimamangidwa ku chasisi, chimango cha pansi chija chonyamula galimoto yonse. Kwina takisi inali itakana kukhota ili ndi munthu m'kati. Ofesi yowapatsa maulendo inawachotsa pa makina tsiku lomwelo.

"Atitumizira zitsulo zatsopano," anandiuza. "Pirirani pang'ono."

Zitsulo zisanabwere, tinamva kuti kampani ija yagwa. Antchito awachotsa, fakitale atseka, foni ikungoitana. Kugalaja ankangotambasula manja: chitsulo kulibe, ndipo sakudziwa ngati chidzakhalepo.

Madalaivala anzawo anabalalika. Wina anabwereka galimoto ya mkazi wake n'kumaperekera zakudya m'makomo. Wina anapita ku migodi kumpoto. A Msaiwale anakana zonsezo, ankati akachoka ndiye kuti takisi aitaya. Inangokhala pakhomo pawo, kufupi ndi Malaga, dera la mafakitale kuno ku Perth, iwo n'kumaitsuka m'mawa uliwonse ngati ili ndi ulendo. Akazi awo anawonjezera mashifiti mpaka mapazi kutupa. Ife kwathu Tasha anayamba kujomba kuchipatala, miyendo n'kuyamba kuumanso. Ndinayesa basi ndi sitima, khanda langa kumsana, njinga kutsogolo. Atamva zimenezo anabwera wapansi kudzandikankhira njinga mpaka ku Fremantle. M'sitima sanakhale pansi. Anaima atagwira njinga, akuyang'ana magalimoto pawindo.

Lamlungu lina titaweruka, tikumwa tiyi panja pa tchalitchi, a Mwaba anabwera kwa a Msaiwale. A Mwaba ndi a ku Lusaka, amawotcherera mageti ndi mipanda ku Malaga, munthu wa nthabwala, wokonda kuthandiza.

"Ba Msaiwale, munkhala chabe pa nyumba pamulandu wa kansimbi kamozi? Letani motoka. Nizaikapo kapuleti, izakosa kuchila ya bazungu." Ankatanthauza kuti abweretse galimoto, iwo awotchererepo chigamba cha chitsulo cholimba kuposa cha azungu.

"Iwe umapanga mageti. Za galimoto uzidziwira kuti?"

"Nsimbi ni nsimbi, mudala. Geti yanga inagwapo pa munthu?"

Anthu anaseka. Mayi Msaiwale sanaseke. "Bambo, kuno si ku Namitete," anatero, n'kupita kukatsuka makapu.

Ine ndinafunsa kuti, "Malume, koma zimenezi amalola?"

"Sindikuba kanthu ine, amake Tasha. Sindikwezamo munthu. Tikamaliza ndipita nayo ndekha kwa oyeza magalimoto, akaone ndi maso awo kuti yalimba. Akufuna chiyaninso, si kulimbako?"

Ndinaona ngati n'zomveka. Kwathu chinthu chikang'ambika umachigamba, ukachigamba bwino anthu amakuyamikira.

Lamulo sanaphwanye ngakhale pang'ono. Anaitanitsa galimoto yokoka kuti inyamule takisi mpaka kwa a Mwaba. Anakhala komweko Loweruka lonse, akugwirizira tochi. Madzulo ananditumizira chithunzi pafoni: chigamba chokhuthala, chowotcherera mwaudongo, chopaka penti yakuda. Pansi pake analemba kuti, "Abwana akonzeke Lachinayi."

Za kwa oyeza magalimoto anandifotokozera okha pambuyo pake. Woyezayo analowa pansi pa takisi ndi nyali, n'kukhalako nthawi. Atatuluka anaitana mnzake, nayenso n'kulowa. Sanakalipe. Anawafunsa mwaulemu kuti wachita izi ndani, iwo n'kuyankha monyadira kuti ndi mbale wawo, mmisiri weniweni. Ndipamene anawauza kuti chasisi ya mtundu umenewo saiwotcherera. Moto umafooketsa chitsulo chozungulira chigambacho, ndipo palibe amene angadziwe tsiku limene chidzathyoke. Iwo anayesa kufotokoza za pa Namitete. Woyezayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anamata pepala pagalasi lakutsogolo loletsa galimotoyo kuyenda pamsewu.

Lachinayi limenelo Tasha anakhala pakhomo atavala nsapato. Ndinachita kumuvula ndekha.

Chopweteka kwambiri chinabwera patapita masabata ochepa. Kampani ina inagula imene inagwa ija, n'kutumiza zitsulo zatsopano kwaulere. Kugalaja ankachotsa chakale, n'kumanga chatsopano ndi mabawuti m'mabowo a pa chasisi, basi. Ntchito ya m'mawa umodzi. Wa zakudya uja anabweza galimoto ya mkazi wake. Wa ku migodi anabwerera. Matakisi onse amene anangokhala osakhudzidwa analowanso mumsewu.

Mabowo a takisi ya a Msaiwale anali pansi pa chigamba cha a Mwaba. Kugalaja anakana kuigwira. Kampani yatsopano inati galimoto yosinthidwa ndi munthu wina si udindo wake. A inshuwalansi anayankha chimodzimodzi. Anayenda maofesi atavala jekete lawo lija, chithunzi chili pafoni, akuonetsa aliyense kuti taonani mmene chalimbira. Pomaliza anaigulitsa kwa ophwasula magalimoto ku Malaga komweko. Chikepe anachichotsa iwo akuona.

Pano amagwira ntchito ku msika waukulu wa ku Canning Vale, kukweza makatoni a kabichi ndi malalanje m'malole. Msana ukuwavuta. A Mwaba anasiya kubwera kutchalitchi kwathu, akuti amapemphera kwina, ngakhale a Msaiwale sanawanenepo choipa pamaso panga. Tasha amakwera takisi ya bambo wina, ya mtundu womwewo, yokonzedwa. Ndi munthu wabwino ndithu, koma nthawi zina amachedwa, ndipo malamba amamanga ataimirira, foni ili kukhutu.

Sabata yatha titaweruka kutchalitchi, Tasha anawaitana a Msaiwale n'kuwafunsa kuti takisi yawo ibwera liti.

"Ili kutchuthi, abwana," anatero.

Anagwada pansi mwa chizolowezi n'kuyamba kugwiragwira mabuleki a njinga. Anapeza kuti chopondapo phazi cha kumanzere chikugwedera. Ine ndinali nditachiona kale, ndinkangoti ndidzanena. Anapisa dzanja m'thumba la jekete, n'kutulutsa kawaya kokulungakulunga ndi pulayala ija. Anayeza kawayako pa chopondapocho, ndipo kanali kokwana bwinobwino.

Kenako anaima kaye. Anakayang'ana kawaya kaja, n'kukabweza m'thumba.

"Ayi, amake Tasha. Mukawaonetse a kuchipatala, akakonze eni ake."

Anadzuka movutikira, atagwira bondo, n'kupita kukadikira basi.